Safunsa Anadya Phula: Ufulu wa Nzika Wofunsa za Chuma cha Boma

Phunziro la m'miphakati sabata ino

Mumzinda muno madandaulo sasowa. Mlatho umene unalonjezedwa nthawi ya kampeni sunamangidwebe, zinyalala zaunjikana pamsika chonsecho ogulitsa amadula tikiti tsiku ndi tsiku, ndipo wodwala akapita kuchipatala cha boma nthawi zina amangopatsidwa kapepala koti akagule yekha mankhwala. Nkhani zimenezi zimakambidwa m'minibasi, pamaliro ndi pa WhatsApp, ndipo kawirikawiri zimathera pomwepo. Phunziro ili likufotokoza njira zimene malamulo a dziko la Malawi anatsegulira nzika kuti madandaulo otere afike kwa oyenera kuyankha.

Chuma cha boma n'cha yani?

Ambiri amaganiza kuti msonkho amakhoma ndi anthu apantchito okha, amene amadulidwa pa malipiro awo pakutha pa mwezi. Zoona zake n'zakuti aliyense wogula mayunitsi a foni kapena katundu wambiri wa m'sitolo amakhala atalipira msonkho wa VAT umene uli kale mumtengo. Wokwera minibasi amalipirako ndalama yokonzera misewu imene imaikidwa pa mtengo wa mafuta. Mayi wogulitsa tomato amalipira khonsolo kudzera mu tikiti ya pamsika, mwininyumba amalipira msonkho wa mzinda. Ngakhale ngongole imene boma limatenga kunja idzabwezedwa ndi anthu omwewa ndi ana awo.

N'chifukwa chake gawo 12 la malamulo aakulu oyendetsera dziko limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo amene ali pa maudindo amangosungira eniake. Gawo lomweli limapitiriza kuti ulamuliro wawo umadalira chikhulupiriro cha anthu, chimene chimasungika pokhapokha boma likamachita zinthu poyera ndi kuyankhapo pa ntchito zake. Phungu, khansala, nduna kapena mkulu wa ofesi ali ngati kapitawo wa m'munda wa eni. Mwinimunda akafunsa kuti chimanga chalowa m'nkhokwe ndi matumba angati, palibe anganene kuti wachita chipongwe.

Kumene ufuluwu unachokera

Achinyamata ambiri anabadwa ufulu wolankhula ulipo kale, choncho n'koyenera kukumbutsa mtengo wake. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya aepiskopi imene inadandaula za malipiro ochepa a anthu osauka, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Boma la nthawiyo linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno. Komabe mawu anali atatuluka kale. Mipingo ina, Asilamu, ophunzira a ku yunivesite, ogwira ntchito m'makampani ndi andale ena anawonjezera mawu awo. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri pa riferendamu, ndipo pa 17 Meyi 1994 anasankha boma latsopano.

Malamulo aakulu amene anabwera nthawi imeneyo anateteza ufulu wolankhula (gawo 35), ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga (gawo 37) ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, popanda zida (gawo 38). Munalinso gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, koma aphungu analichotsa mu 1995. Kuyambira pamenepo, voti imagwira ntchito kamodzi pa zaka zisanu. Pakati pa chisankho ndi chisankho, chida chimene nzika yatsala nacho ndi kufunsa.

Lamulo lopezera uthenga

Kwa zaka zoposa 20 gawo 37 linali lopanda mano, popeza panalibe lamulo lofotokoza mmene munthu angafunsire ndi nthawi imene ayenera kuyankhidwa. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Access to Information mu Disembala 2016, pulezidenti anasainira mu Febuluwale 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira kuti lamuloli likutsatidwa.

Mwachidule, lamuloli limagwira ntchito motere. Ofesi iliyonse ya boma, kuphatikizapo khonsolo ya mzinda, iyenera kukhala ndi munthu wolandira mafunso a anthu ofuna uthenga. Nzika imapereka pempho lake kwa munthu ameneyu, ndipo wosatha kulemba angathe kufotokoza pakamwa kuti amulembere. Ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ikakana, iyenera kunena chifukwa chake. Pali zinthu zina zimene lamulo limalola kusaulula, monga zokhudza chitetezo cha dziko, zinsinsi za munthu payekha kapena kafukufuku wa apolisi amene ali mkati. Wokanidwa angapemphe akuluakulu a ofesiyo kuti aunikenso nkhani yake, angakadandaule ku Malawi Human Rights Commission, ndipo pomaliza angapite kukhoti.

Funso labwino limakhala lolunjika. Kulembera khonsolo kuti "ndalama zikupita kuti?" sikubweretsa yankho lililonse logwirika. Koma anthu a m'dera akalemba kuti akufuna kudziwa ndalama zimene zinaikidwa pa mdadada wa sukulu yawo ya pulayimale, dzina la kontilakitala, tsiku limene ntchito inayenera kutha ndi ndalama zimene zalipiridwa kale, ofesi imasowa pothawira. Mafunso omwewa angafunsidwe pa ntchito za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lotchedwa CDF. Kalata ikhale ndi deti, wolandira asaine kapena adinde pa kope lotsala, ndipo kopelo lisungidwe bwino, chifukwa ndilo umboni pamene masiku 15 adutsa.

Zitseko zina zogogoda

Ofesi ya Ombudsman, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu, imalandira madandaulo a munthu amene wachitiridwa zosalungama ndi ofesi ya boma, ndipo salipiritsa. Nkhani ya mathirakitala ndi chitsanzo cha zimene dandaulo lingachite. Boma linagula mathirakitala ndi makina otongolera chimanga ndi ngongole yochokera ku India, ponena kuti athandiza alimi, koma ambiri mwa iwo anagulitsidwa motchipa kwa anthu ena, kuphatikizapo andale ndi akuluakulu a boma. Anthu atadandaula, Ombudsman wa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, anafufuza ndi kutulutsa lipoti mu 2016, ndipo analamula kuti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi. Boma linatsutsa kukhoti, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi Ombudsman, ndipo chipepeso chinaperekedwa. Ngongoleyo inatsalabe pamutu pa anthu, koma chinthu chimene chikanabisika chinadziwika ndi dziko lonse.

Nkhani za ziphuphu zimapita ku bungwe la Anti-Corruption Bureau. Mkulu wolondoloza ndalama za boma, Auditor General, amapereka malipoti ake ku Nyumba ya Malamulo, kumene komiti ya aphungu imaitana akuluakulu a maunduna kuti afotokoze. Nawo makhoti anaonetsa mphamvu zawo pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, n'kulamula chisankho china chimene chinachitika pa 23 Juni 2020.

Kusafunsa kuli ndi mtengo wakenso. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, ofufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'thumba la boma m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, zambiri polipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo amene anamva kuwawa kwambiri ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu, anthu amene sanaoneko ngakhale tambala imodzi.

Udindo wa wofunsa

Ufulu wofunsa umayenda ndi udindo. Wofunsa ayenera kuyamba wafufuza zoona, chifukwa kufalitsa mphekesera pa Facebook kumaipitsa mbiri ya anthu osalakwa ndipo kumapatsa olakwa enieni mpata wonena kuti zonse ndi mabodza. Ayenera kufunsa mofanana, kaya wolamula ndi wa chipani chake, wa kwawo kapena wa mpingo wake. Amene amakalipa chipani china chikamaba, n'kukhala chete anzake akamaba, akumenyera mpando osati chilungamo. Ayeneranso kukhala ndi manja oyera. Munthu amene amapereka "ya fanta" kuti fayilo yake iyende msanga, kapena kulandira ndalama ndi nsalu kuti avotere wina, wadzitseka yekha pakamwa. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa andale kugawa mphatso zokopera ovota, koma mchitidwewu sudzatha ngati olandira akupitiriza kutambasula manja.

Malembo Oyera sasowa zitsanzo. Mneneri Natani anadzudzula mfumu Davide pamaso (2 Samueli 12), ndipo Yohane Mbatizi anauza okhometsa msonkho kuti asawonjezere pa mlingo woikidwa, ndi asilikali kuti asalande za anthu (Luka 3:12-14). Onsewa analankhula zoona popanda chiwawa, pofuna kuti wolakwa atembenuke mtima. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. M'parishi muno mulinso akhristu ogwira ntchito m'maofesi a boma, ndipo kwa iwo kuyankha funso la nzika mwaulemu ndi pa nthawi yake ndi gawo la utumiki wawo.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kalata yosainidwa ndi anthu 40 a m'dera limodzi imavuta kuiponya m'kabati, ndipo palibe amene angaopsezedwe payekha. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ingathandize mphakati kulemba pempho ndi kulilondola mpaka yankho litabwera.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Ndi ntchito iti ya chitukuko m'dera lino imene inayambika koma sinathe, ndipo ndi ofesi iti imene ili ndi mapepala ake?

2. Ndi anthu angati mumphakati amene akudziwa dzina la khansala wa wodi yawo ndi tsiku limene anachititsa msonkhano komaliza?

3. Kodi n'chiyani chimachititsa anthu mantha kufunsa, nanga mphakati ungawateteze bwanji?

4. Mphakati usankhe funso limodzi, ulilembe mwezi uno, ndipo usankhe anthu awiri okalipereka ndi kudzafotokoza yankho pa msonkhano wotsatira.