Wodwala Wabwera ndi Paipi ya Mkodzo: Kasamalidwe ka Thumba Pakhomo

Bambo anu, amuna anu kapena mayi amene wangochitidwa opaleshoni akatuluka m'chipatala ali ndi paipi ya mkodzo, ntchito imene anamwino ankagwira imagwera inu a pakhomo. Kaya mwachokera ku chipatala cha boma ku Petauke, ku Kalindawalo, ku Minga kapena ku Nyimba, zimene mwabwera nazo n'zofanana: kapaipi kofewa kolowa m'chikhodzodzo, ndi thumba la pulasitiki lolembedwa mizere ndi manambala. Ambiri amangoti ndi potayira mkodzo basi. Koma mizere ija inalembedwa kuti izikuuzani ngati impso za wodwalayo zikugwira ntchito komanso ngati paipi ikutulutsa bwino. Wodwazika amene amawerenga thumba amaona vuto lisanakule.

Paipi imeneyi n'chiyani?

Kuchipatala amati katheta. Papepala limene imabweramo mupeza dzina lakuti Foley, la dokotala wa ku America, Frederic Foley, amene anakonza paipi ya mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1930. Mupezanso nambala monga 14, 16 kapena 18, yosonyeza kunenepa kwa paipi. Nambalayi muilembe pena pake, chifukwa tsiku lokasintha adzakufunsani.

Kunsonga kwa paipi, m'kati mwa chikhodzodzo, kuli kabaluni kamene namwino amathiramo madzi, kawirikawiri mamililita 10, kuti paipi isasololoke. N'chifukwa chake paipi sikokedwa. Kuikoka kabaluni kali kofufuma kumang'amba njira ya mkodzo, magazi n'kutuluka, ndipo chipsera chake chingatseke njirayo mpaka kalekale. Kuidula ndi lezala n'koopsanso, popeza chidutswa chingatsalire m'kati. Kuchotsa paipi ndi ntchito ya a zaumoyo okha.

Amene amabwera nayo kunyumba kawirikawiri ndi abambo achikulire amene prositeti yawo yatupa n'kutseka njira ya mkodzo. Zimenezi zimabwera ndi ukalamba, si kulodzedwa, ndipo si kuti munthu anachita chigololo. Ena njira yawo inaphinjika ndi chipsera cha chinzonono chakale, ena anavulala msana pangozi ya pamsewu kapena pogwa mumtengo. Amayi amene asokedwa fisitula nawonso amakhala ndi paipi pafupifupi milungu iwiri kuti posokedwapo papole. Pali odwala ena amene paipi amailowetsa pachinena, osati kumaliseche. Kasamalidwe ka thumba n'kamodzimodzi.

Thumba likhale m'munsi nthawi zonse

Palibe makina okoka mkodzo m'thumbamo. Umangotsetsereka wokha monga madzi a m'ngalande ya kudimba, ndiye thumba likakwera kuposa chinena cha wodwala, mkodzo umaima m'paipi kapena kubwerera m'chikhodzodzo utatenga tizilombo. Komanso thumba lisagone pansi padothi, chifukwa kampopi kotulutsira mkodzo kamatola dothi ndi zitosi za nkhuku.

Pabedi n'zosavuta: mangani thumba ndi kachingwe m'mbali mwa bedi, lilendewere osakhudza pansi. Vuto lili kwa ife ogona pamphasa, ndipo ndife ambiri. Munthu akagona pamphasa, iye ndi thumba amakhala pamzere umodzi, mkodzo suyenda bwino. Apa pafunika kuti banja liganize. Bwerekani bedi kwa achibale, kapena sanjani njerwa, muyalepo matabwa kapena chitseko chakale, matiresi pamwamba, kuti wodwala akwereko ngakhale msinkhu wa njerwa zitatu. Thumbalo muliike m'beseni kapena m'ndowa yotsuka bwino, imene sigwiranso ntchito ina. Masana akakhala pampando pakhonde, ndowa ija ikhale pambali pa phazi lake. Kuika thumba pamiyendo, kulipachika m'khosi kapena kuliponya paphewa poyenda, zonsezi n'zolakwika, ngakhale kuti zimaoneka kawirikawiri.

Paipi muimatirire pantchafu ndi pulasitala kapena kansalu kofewa, mosiya mpata kuti isakokeke munthu akamatembenuka. Usiku musanagone iyendereni ndi maso kuchokera pathupi mpaka pathumba, kuona ngati sinapindike kapena kugonedwa.

Pali timatumba ting'onoting'ono tomanga pamwendo, tolowa pafupifupi theka la lita, tobisika m'thalauza kapena m'chitenje. Timathandiza amene akufuna kupita kutchalitchi kapena kumsika, koma timadzaza msanga, choncho usiku pamafunika thumba lalikulu lija.

Kukhuthula

Thumba lalikulu limalowa mamililita 2000, ndiye kuti malita awiri. Musadikire kuti lidzaze, chifukwa likalemera limakoka paipi. Khuthulani likangopitirira theka, kapena katatu patsiku: m'mawa, masana ndi pogona.

Sambani m'manja ndi sopo. Tsegulani kampopi ka pansi, mkodzo ugwere m'chitini kapena m'jagi ya wodwalayo yekha, kampopiko kasakhudze chitinicho. Mukatha tsekani, pukutani, mkodzo mukataye m'chimbudzi, musambenso m'manja. Pamene paipi yalumikizana ndi thumba musamazulepo, kupatula posintha thumba. Ena amazula kuti atsuke thumba ndi sopo pofuna kuchotsa fungo, ena amatero kuti wodwala asambe momasuka. Nthawi iliyonse pakatseguka pamenepo, tizilombo timapeza khomo. Tizilombo timalowa ndithu mwa aliyense amene wakhala ndi paipi mwezi wathunthu, koma manja oyera ndi thumba losazulidwazulidwa zimathandiza kuti tisamudwalitse.

Thumba likang'ambika musamangirire jumbo kapena botolo kupaipi. Pemphani anamwino akupatseni lina lapadera musanatuluke m'chipatala, akuonetseni kasinthidwe kake ndi kukuuzani masiku osinthira.

Kuwerenga ndi kulemba

Amene anadwazikapo munthu wodwala kwambiri anaonapo thumba la mtundu wina, lokhala ndi kabokosi kolimba ka pulasitiki kutsogolo, ka mizere yothithikana. Limenelo ndi la m'chipatala, loyezera mkodzo ola lililonse. Namwino amawerenga, n'kulemba, n'kupendeketsa kabokosiko kuti mkodzo ugwere m'thumba lalikulu. Amayezanso mkodzo pafupipafupi kwa mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri ndipo akulandira mankhwala oletsa kukomoka, chifukwa mkodzo ukachepa mankhwalawo amaunjikana m'thupi. Pakhomo simufunika kuyeza ola lililonse, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Mizere ya pathumba lofewa imangopereka chithunzi, siilondola kwenikweni. Powerenga, thumba lilendewere mowongoka, inu mugwade kuti maso alunjike pamzere. Ngati adokotala anena kuti muziyeza mosamala, thirani m'jagi ya manambala. Ngati jagi mulibe, dulani kukamwa botolo lapulasitiki la malita awiri, thiranimo madzi ndi botolo la mamililita 500, lembani mzere, thiraninso lina, lembaninso, mpaka pamwamba. Choyezera chanu chatheka.

Tengani kope la kusukulu. Nthawi iliyonse mukakhuthula lembani nthawi, kuchuluka ndi mtundu wa mkodzo, mwachitsanzo: 06:00, mamililita 600, wachikasu chowala. M'mawa uliwonse phatikizani za tsiku lapitalo. Ngati wodwazika sadziwa kulemba, mdzukulu wa sukulu angathe kulemba popanda kugwira thumba.

Munthu wamkulu amene akumwa bwino amatulutsa pakati pa mamililita 800 ndi 2000 patsiku. A zaumoyo amawerengera kuti impso ziyenera kupanga osachepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa ola. Bambo wolemera makilogalamu 60 ayenera kutulutsa osachepera mamililita 30 pa ola, ndiye kuti 240 pa maola 8. Tsiku lonse, usiku ndi usana, akalephera kufika mamililita 400, amene sadzaza n'komwe botolo la mamililita 500 lija, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

M'mwezi wa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Luangwa monga kwa Luembe, madzi ambiri amachoka ndi thukuta, mkodzo n'kuchepa ndi kuda. Yambani mwamumwetsa madzi, muone ngati thumba likuyankha pakapita maola angapo. Odwala ambiri amadzimana madzi kuti thumba lisamadzaze, posafuna kuvutitsa owadwazika. Chisoni chimenechi chimatsekesa paipi, chifukwa mkodzo wochepa umasiya zinyenyeswa zimene zimaundana m'kati. Amwe mabotolo atatu kapena anayi a mamililita 500 patsiku, madzi owiritsa kapena othira kolorini, kuphatikizapo phala lamadzi ndi thobwa. Amene adokotala anawauza kuti achepetse madzi chifukwa cha matenda a mtima kapena a impso atsatire muyezo umene anapatsidwa. Kachasu ndi mowa wina zipume kaye.

Mkodzo wabwino ndi wachikasu chowala. Amene akumwa mankhwala a TB asadabwe ukafiirira, ndi mankhwalawo. Magazi pang'ono tsiku limene paipi yasinthidwa si achilendo. Koma magazi osatha kapena oundana si ongowayang'ana, ngakhale kwathu kuno tinazolowera kuti mkodzo wa magazi ndi likodzo. Likodzo lokhalitsa limawononga chikhodzodzo, choncho mukapimitse.

Kusambitsa

Kamodzi patsiku, ndiponso akachita chimbudzi, tsukani polowera paipi ndi sopo ndi madzi oyera, kupukuta kuchokera pathupi kupita kunja. Osapaka mafuta odzola, paudala kapena mankhwala azitsamba. Amayi apukutidwe kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Kwa bambo wosadulidwa, mukabweza khungu la kunsonga kuti mutsuke, libwezereni m'malo mwake mukatha. Likaiwalika kumbuyo limatupa n'kumanga nsonga, ndipo zikatero n'zothamangira kuchipatala.

Tikudziwa kuti mwambo sulola mpongozi kapena mwana wamkazi kuona maliseche a bambo. Banja lisankhe munthu woyenera, mkazi wake, m'bale wake wamwamuna kapena mdzukulu wamkulu, ndipo munthu ameneyo ndiye akaphunzitsidwe ndi namwino. Ngati wodwala ali ndi mphamvu m'manja, adzisambitse yekha. Kukhuthula thumba aliyense angathe. Za m'banja, kwa amene ali pabanja, funsani namwino pambali, funsoli amalimva kawirikawiri.

Mkodzo ukasiya kutsika

Onani zinthu zitatu: paipi sinapindike? Thumba lili m'munsi? Silinadzaze? Mutembenuzeni wodwala kapena mumuyendetseko pang'ono. Funsaninso kuti wachita liti chimbudzi, chifukwa kudzimbidwa kumapanikiza paipi. Ndiwo zamasamba, mapapaya ndi madzi zimathandiza.

Zonsezi zikakhala bwino koma thumba silikuwonjezeka kwa maola awiri kapena atatu, pachinena pali potupa ndi powawa, paipi yatsekeka. Mkodzo ukamatuluka m'mbali mwa paipi n'kumanyowetsa zovala, thumba lili louma, chifukwa chake chingakhale chomwecho. Musauzire mpweya, musalowetse waya, musapoperemo madzi ndi sirinji. Nyamukani, ngakhale usiku.

Pitaninso mwamsanga ngati wodwala watentha thupi kapena akunjenjemera, akumva kuwawa m'nthiti cha kumsana, akusanza, kapena agogo ayamba kusokonekera mutu ndi kugonagona. Paipi ikasololoka yokha musaibwezere. Wovulala msana samva kuwawa kwa chikhodzodzo chodzaza, chizindikiro chake chingakhale mutu waukulu wadzidzidzi, thukuta ndi kufiira nkhope. Mukhazikeni tsonga, wongolani paipi, mupite naye.

Fungo lokha kapena mkodzo wa mbuu, munthu ali bwinobwino, sizifuna makapisozi a pakantemba. Kumwa mankhwala opha tizilombo mwachisawawa kumangolimbitsa tizilombo, tsiku limene wadwala zenizeni mankhwala n'kukana kugwira. Onjezani madzi, mukauze a kukiliniki.

Paulendo ndi tsiku losintha

Khuthulani thumba musananyamuke. Pangolo, panjinga yamoto kapena m'basi, thumba likhale m'kachikwama koyera cha kumapazi, paipi isapanikizike. Kupalasa njinga wekha uli ndi paipi kumapweteka njira ya mkodzo, ndi bwino kukwezedwa. Amene atumizidwa ku St Francis ku Katete, ku Chipata kapena ku UTH ku Lusaka, kumene kuchokera ku Petauke ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 400 pamsewu wa Great East, atenge botolo lotseka lokhuthulira panjira, sopo, madzi akumwa ndi thumba lapadera.

Paipi ili ndi masiku ake. Yamphira yachikasu kawirikawiri sipitirira milungu inayi, pamene yasilikoni ingafike milungu 12. Ikakhalitsa imamera miyala kunsonga, kuichotsa n'kukhala kowawa. Musanatuluke m'chipatala funsani tsiku losintha ndi malo ake, kaya ndi kukiliniki ya kwanu kapena kuchipatala chachikulu, ndipo tsikulo mulilembe pachikuto cha kope. Nthawi ya dzinja mitsinje ikamadzaza, pitani tsiku lisanakwane. Ulendo uliwonse tengani kope ndi khadi la kuchipatala, ndipo mufunse adokotala ngati paipiyo ikufunikabe, kapena ngati nthawi yakwana yoyesa kukodza popanda paipi kapena yokaonana ndi a opaleshoni.