Chidulo cha agogo chili pati pa sikelo ya pH?

Munawaonapo agogo akuthira madzi paphulusa la zitsononkho, kenaka n'kutenga madzi odontha pansiwo kuphikira therere? Madzi amenewo ndiwo chidulo. Mukachikhudza ndi zala chimaterera ngati sopo, ndipo kuterera kotereku n'chizindikiro cha base. Mandimu ndi malambe ali tsidya linalo: amawawasa chifukwa muli asidi.

Asidi akalowa m'madzi amatulutsa ma hydrogen ion, amene timawalemba H+. Base amachita zosiyana, amalanda ma H+ aja, ndiye m'madzimo mumachuluka OH-. Nambala ya pH imangotiuza kuti ma H+ alimo ochuluka bwanji. Anaiyambitsa ndi Søren Sørensen wa ku Denmark mu 1909. Sikelo yake timaiwerenga kuyambira pa 0 mpaka 14, ndipo madzi osasakanizika ndi kanthu ali pa 7. Kutsika pa 7 ndi asidi, kukwera ndi base. Madzi a mandimu ali cha pa 2, soda wophikira cha pa 8, pomwe chidulo chimatha kupitirira 10 chifukwa cha potassium carbonate wa m'phulusa.

Tsono apa mpomwe ambiri amagwa pamayeso. Nambala ikamatsika, ma H+ ndiye akuchuluka, osati kuchepa ayi. Komanso kusuntha nambala imodzi yokha ndi kuchulukitsa kakhumi. Pa pH 3 ma H+ ndi ochuluka ka 10 kuposa pa pH 4, ndiponso ka 100 kuposa pa pH 5. Choncho chidulo chikakhala pa 11, soda pa 8, musanene kuti "aa, zangosiyana ndi 3 basi". Zasiyana ka 1,000.

Mphamvu imeneyi ndi imene imafewetsa masamba msanga, nkhuni osatha zambiri. Koma base yemweyo amaononga vitamini C ndi B1 wa m'ndiwo. Ine therere ndimalikonda, koma chidulo chikachulukitsa, thupi limapindula zochepa.

Nanga tingadziwe bwanji kuti ichi ndi asidi popanda pepala la litmus? Kulawa musayese n'komwe: asidi wa m'batire la galimoto amaotcha, caustic soda nayenso chimodzimodzi. Wiritsani chidede chofiira chija, musefe madziwo, muwagawe m'makapu awiri. M'kapu imodzi finyiranimo ndimu: madzi afiira mowala. M'kapu inayo donthezanimo chidulo, muona akusanduka obiriwira. Kenaka finyiranimo ndimu pang'onopang'ono m'kapu yobiriwirayo mpaka kufiira kubwerere. Pamenepo asidi wathetsa mphamvu ya base, zomwe m'buku lanu la chemistry amazitcha neutralisation.