Chilonda cha Leishmania ku Sri Lanka: Mafunso ndi Mayankho

Talemba kabukuka chifukwa cha funso limodzi lomwe silikutha. Wodwala akamva kuti m'chilonda chake mwapezeka kachilombo ka mtundu womwe umayambitsa matenda oopsa a kala-azar, mtima umamuchoka, amangoona ngati amuwerengera masiku.

Kodi matendawa amabwera bwanji?

Amabwera ndi kantchentche kotchedwa sandfly, kochepa kuposa udzudzu, koluma makamaka kukada. Pomwe kaluma pamatuluka kachiphuphu kosawawa, kenaka pakapita milungu kapena miyezi kamaphulika n'kukhala chilonda chotukuka m'mbali, chokana mankhwala wamba. Sapatsirana popatsana moni wa m'manja kapena podyera mbale imodzi.

Chilonda chikuoneka ndi maso, nanga kufufuza mtundu wa kachilombo n'kwa chiyani?

Chifukwa maso amanama. Mitundu ya kachilombo ka Leishmania yodwalitsa anthu ndi yoposa 20, ndipo zilonda zake zimafanana. Ngakhale pa maikulosikopu timangoona tinthu tobulungira tobisala m'maselo, tofanana ngati nyemba za m'thumba limodzi. Koma khalidwe lake n'losiyana kwambiri. Chilonda cha Leishmania major nthawi zambiri chimapola chokha pakatha miyezi. Cha Leishmania braziliensis, ku South America, chimatha kupola bwinobwino, kenaka mwa anthu ena matenda n'kudzatulukira m'mphuno ndi m'kamwa patapita zaka. Dokotala wosadziwa mtundu akungoponya mwala mumdima.

Sri Lanka ndiye umboni wake. Munthu woyamba kudziwika kuti watengera matendawa m'dziko momwemo anapezeka mu 1992, m'boma la Hambantota kum'mwera. Potengera zomwe zinkadziwika nthawiyo, chilonda cha pakhungu ku Asia chinayenera kukhala cha Leishmania tropica kapena Leishmania major. Mu 2003 Pulofesa Nadira Karunaweera wa ku yunivesite ya Colombo ndi anzake anasonyeza kuti si zimenezo: kachilombo kake ndi Leishmania donovani, ka kagulu kotchedwa MON-37. Dzina la donovani ndi la kachilombo ka kala-azar ku India ndi kum'mawa kwa Africa. Ena amati, nanga poti jakisoni ndi yemweyo, dzina lithandiza chiyani? Kwa wodwala mmodzi mwina mankhwala sangasinthe, zimenezo tikuvomera. Koma dziko lodziwa kuti lili ndi donovani limayang'anira odwala ake mosiyana, limasaka kantchentche koyenera, ndipo dokotala wake akaona kapamba wotupa sangoganiza za matenda ena okha. Kuyambira 2008 lamulo la ku Sri Lanka limafuna kuti aliyense wopezeka ndi matendawa alembedwe ku boma.

Ndiye kuti ndili ndi kala-azar?

Ayi, chilonda cha pakhungu si kala-azar. Kala-azar amagwira kapamba, chiwindi ndi m'kati mwa mafupa, ndipo akapanda kuchizidwa amapha anthu oposa 95 mwa 100 alionse. Mantha anu tsono ali ndi pogwira, sitikuwaseka. Koma taonani zomwe zachitika m'dzikolo. Odwala zilonda afika m'zikwizikwi m'maboma monga Hambantota, Matara, Anuradhapura, Polonnaruwa ndi Kurunegala, kuphatikizapo asilikali ambiri omwe ankagona m'tchire kumpoto nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni. Odwala kala-azar otengera m'dziko momwemo ndi owerengeka chabe, ndipo woyamba analengezedwa mu 2007. Kachilomboka kakanakhala kolowa m'kati mwachizolowezi, zaka zoposa 30 zikanaonetsa kale. Ofufuza atayesa kachilombo kochokera m'zilonda za ku Sri Lanka pa mbewa za mu labotale, anapeza kuti sikakhazikika bwino m'ziwalo za m'kati monga kamachitira kanzake ka kala-azar. Dzina ndi limodzi, koma chibadwa chawo chimasiyana pena ndi pena. Apa mpomwe ife timaima: kuyeza mwakuya n'kumene kunadzetsa manthawo, ndipo kuyeza komweko ndi kumene kukuwachepetsa.

Amayeza bwanji, ndipo ndi ndalama zingati?

Amapala pang'ono m'mphepete mwa chilonda kapena kudulako kachidutswa atabaya mankhwala a dzanzi. Kachidutswako amakapaka pa galasi kuti aone ngati kachilombo kalipo. Kuti adziwe mtundu, amayeza DNA ndi njira ya PCR. Mungamve kuwawa pang'ono ndipo pangatsale kachipsera. PCR sipezeka pa chipatala chilichonse, zotsatira zingachedwe, ndipo mtengo ungasiyane malinga ndi komwe mwapita. Funsani musanavomere.

Mwati sikalowa m'kati. Mukutsimikiza?

Sitinati sikangalowe, tati n'zosowa kwambiri. Palibe wa zaumoyo woona mtima amene angakulumbirireni pa thupi lanu. Chitetezo cha m'thupi chikafooka, monga mwa munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, Leishmania wa mtundu uliwonse amavuta kumugonjetsa. Wina angati, ngati chiopsezo chilipo bwanji osapatsa aliyense mankhwala amphamvu a thupi lonse? Chifukwa nawonso ali ndi mtengo wake: sodium stibogluconate wobaya m'mnofu kapena m'mtsempha kwa masiku ambiri angasokoneze mtima ndi chiwindi. N'chifukwa chake ku Sri Lanka zilonda zambiri amazibaya mankhwalawo pa chilonda pomwepo, kapena kuziwotcha ndi kuzizira kwa nayitrojeni wamadzi, mobwerezabwereza kwa milungu ingapo.

Chilonda changa chinapola. Kodi kachilombo kaja sikanathawire ku kapamba?

Funso ili ndi lomwe lija, ndipo yankho silinasinthe. Kupola kwa chilonda si chizindikiro choti kachilombo kasamukira m'kati. Zoyenera kukuthamangitsani ku chipatala ndi izi: kutentha thupi kopitirira masabata awiri, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, kuchepa magazi, ndi mimba yotupa kumanzere pansi pa nthiti. Mukafika kumeneko nenani komwe munakhalako ndi chaka chomwe munadwala chilondacho, muonetsenso chipsera. Ngati muli ndi pepala la zotsatira lolembedwa dzina la kachilombo, mupite nalo.