Kasungunulidwe ka ufa wa alkalinity wa m'thanki ya makorali

Makorali olimba amamanga mafupa awo ndi zinthu ziwiri zimene amatapa m'madzi: kashiamu ndi kaboneti. M'nyanja yamchere zimenezi sizitha, koma m'thanki ya galasi ya pabalaza zimachepa tsiku ndi tsiku, ndipo kaboneti ndiye amayamba kuperewera. Oweta makorali akamayeza alkalinity amakhala akufuna kudziwa kuti kabonetiyo watsala wochuluka bwanji, ndipo muyezo wake ndi dKH. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala pa dKH pafupifupi 7, ndipo ambiri amasunga thanki yawo pakati pa 7 ndi 11. Ufa wobwezeretsera alkalinity ndi wotchipa, koma ukasungunulidwa mwaphuma umawononga mapampu ndi kuwotcha makorali amene munawagula modula.

Choyamba dziwani ufa umene muli nawo, pakuti ulipo wa mitundu iwiri. Wina ndi sodium bicarbonate, soda yemweyu wophikira therere. Wina ndi sodium carbonate, umene m'masitolo a nsomba amautcha soda ash. Soda wamba amatsitsako pH pang'ono kwa kanthawi, pamene soda ash amaikweza kwambiri, choncho ngati pH ya thanki yanu imakhala kale cha m'ma 8.4, sankhani soda wamba. Koma chonde musasokoneze ndi baking powder wophikira makeke. Ameneyo ali ndi asidi ndi zina zosakaniza zimene siziyenera kulowa m'thanki.

Katswiri wa zamankhwala wa ku America, Randy Holmes-Farley, analemba miyezo m'magazini ya Reefkeeping mu 2006 imene oweta makorali akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Muyezo wosavuta ndi uwu: magalamu 297 a soda wamba, kusungunula m'madzi kuti zonse pamodzi zikwane malita 3.8. Muyezo wamphamvu umafuna magalamu 594 a soda, kuwayala pa thireyi n'kuwawotcha mu uvuni wa madigiri 150 kwa ola limodzi. Motowo umachotsa madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo chotsala ndi soda ash wolemera pafupifupi magalamu 375. Ameneyunso mumasungunula mpaka kukwana malita 3.8, koma mphamvu yake ndi yowirikiza kawiri. Yezani pa sikelo ya kukhitchini, osati ndi supuni, chifukwa ufa wotsendereka ndi ufa wotakasuka salemera mofanana.

Madzi osungunulira akhale osefedwa ndi makina a RO/DI kapena a distilled. Madzi a pampopi ndi a pachitsime amakhala ndi kashiamu wawo kale, ndipo madzi amchere a m'thanki ndiye osayerekeza n'komwe. Kaboneti wambiri akakumana ndi kashiamu, ziwirizi zimagwirana n'kusanduka choko, madzi n'kuyera ngati mkaka. Zimene zasanduka chokozo zapita, sizidzathandizanso korali. Pa chifukwa chomwechi, botolo la alkalinity ndi botolo la kashiamu zikhale ndi jagi yakeyake ndi chotakasira chakechake.

Pa kusakaniza penipenipo m'pamene ambiri amalakwitsa. Madzi ayambe kulowa m'chidebe, ufa ubwere pambuyo. Thirani madzi ofunda osadzaza, musiye malo, kenako muziwaza ufa pang'onopang'ono dzanja lina likutakasa, monga mmene amachitira wophika phala posafuna mibulu. Mukatembenuza ndondomekoyi n'kuthira madzi pa mulu wa soda ash, ufa wa kunja umamwa madzi n'kuuma gwa, n'kutsekera wouma m'kati. Pansi pa botolo pamatsala chimwala choyera chimene mungachikhutchumule mpaka mkono kuwawa osasungunuka. Zikatero musataye. Tsekani botolo, liikeni m'beseni la madzi otentha, muzilikhutchumula mwa apo ndi apo, chimwalacho chidzagonja chokha.

Mukamasungunula soda ash mudzamva chidebe chikufunda m'manja. Palibe chalakwika, ndi mmene amachitira akakumana ndi madzi. Fumbi lake lokha ndi limene muyenera kusamala nalo, chifukwa limayabwa m'maso ndi m'mphuno, ndipo limaumitsa khungu. Soda wamba ndi wofatsa koma waulesi kusungunuka: lita imodzi ya madzi pa madigiri 20 imalandira magalamu pafupifupi 96 basi, pamene soda ash amalowa oposa 200. Muyezo wa 297 uja uli kale pafupi ndi malire, ndiye kuwonjezerapo kuti mankhwala akhale amphamvu n'kungodzipezera matope pansi pa botolo. Soda wamba musamuthire m'madzi owira ayi. Kutentha kumatulutsa mpweya, ndipo botolo lotsekedwa limafufuma. Ufa wonse ukasowa m'maso, onjezerani madzi mpaka pa mzere wa malita 3.8.

Nyengo yozizira ili ndi vuto lake. Amene ali ku Johannesburg mwezi wa June kapena ku London mwezi wa January akasiya botolo pa simenti kapena m'galaja, adzapeza timiyala tonga galasi titamera pansi. Mankhwala amene ali pamwamba amakhala atachepa mphamvu, ndipo timiyalato timatseka timapaipi ta pampu yothirira. Fundutsani botolo mpaka tonse tisungunuke, kenako mulisunge m'nyumba, pa thabwa.

Pothira m'thanki, ine ndimaona kuti kudekha kumaposa mtundu wa ufa umene mwagula. Kukweza dKH imodzi m'malita 100 kumafuna mamililita pafupifupi 38 a muyezo wosavuta uja, kapena 19 a wamphamvu. Powerengera kumbukirani kuti miyala ndi mchenga zimatenga malo, choncho madzi enieni ndi ochepa kuposa zimene zalembedwa pa thanki. Musakweze kupitirira dKH imodzi pa tsiku. Makorali anthambi monga Acropora amapsa kunsonga kapena kusupuka mnofu alkalinity ikadumpha mwadzidzidzi, ngakhale nambala yatsopanoyo ikhale yabwino. Dontheretsani pamene madzi akuthamanga, kutali ndi korali ndi hita. Kamtambo koyera kakaoneka n'kuzimirira m'masekondi ochepa, musadandaule, ndi maginiziyamu amene amasungunukanso. Kakakhalitsa, mwathira zambiri pamalo amodzi, kapena maginiziyamu watsika pansi pa 1250 ppm ndipo akufunika kuyezedwa. Kashiamu muthire patapita mphindi zingapo, makamaka mbali ina ya thanki.

Lembani pa botolo dzina la mankhwala, muyezo ndi tsiku losakaniza, ndipo muliike patali ndi ana chifukwa mankhwalawa amaoneka ngati madzi akumwa. Botolo latsopano lililonse liyesedwe kaye: yezani dKH, thirani theka la zimene mwawerengera, dikirani ola limodzi, muyezenso musanawonjezere.