Duwa la Thonje

Anzanga, kuno kwa Mlolo ambiri tilima thonje, koma ndi angati adayang'anitsitsa duwa lace? Ine ndinalipenya masiku atatu m'munda mwa atate. Tsiku loyamba linamasula loyera ngati mkaka, m'mawa mwace linafiira, tsiku lacitatu linathothoka ndi kusiya kacipatso kobiriwira. Kameneko kakakhwima kasweka, thonje ndi kuonekera. Duwalo lifanana ndi la therere lobala, pakuti ziwirizi nza banja limodzi.

Livingstone adapeza Amang'anja alikulima thonje m'cigwa ca Shire m'caka ca 1859. Mdani wace wamkulu ndiye mbozi zoboola tizipatsoto. Cifukwa cace tikatha kutola, tizule mitengo yonse ndi kuitentha, kuti mbozizo zisowe cakudya. Waulesi mmodzi aononga minda ya mudzi wonse.