Nthenga ya Njiwa

Mau atsopano: nthenga, mcira, phiko, njiwa, kabawi

Werengani nkhani iyi.

Tsiku lina m'mawa, Tisa anapita kukatola nkhuni kuseri kwa munda. Pansi pa mtengo wa msuku anapeza nthenga zambiri zili mbwee! Zinali zotuwa. Mtima wake unagunda, cifukwa ambuya ake amaweta nkhunda zotuwa.

Anatola nthenga zitatu ndi kuthamangira kunyumba.

"Ambuya! Mabvuto wapha nkhunda yanu! Dzulo ndinamuona ali ndi legeni."

"Bodza!" anatero Mabvuto. "Ine ndinali kugwetsa mango cabe."

Misozi inalengeza m'maso mwake. Atate anali atamuuza kale kuti akadzalasa nkhunda, adzamulanda legeni.

Ambuya sanakalipe. Anayala nthenga zija pamphasa. "Khalani pansi nonse awiri," anatero. "Tiyambe taona kuti nthengazi n'za mbalame yanji."

Anayamba ndi kanthenga kakang'ono kofewa ngati thonje. "Aka n'ka pacifuwa. Nchito yake ndi kufunditsa mbalame. Koma sikangatithandize, cifukwa mbalame zambiri zili ndi tunthenga totere."

Nthenga yaciwiri inali yaitali, yolimba ndi yopindika pang'ono. Mbali imodzi inali yopapatiza, ina yotambalala. "Iyi ndi ya kuphiko. Ndiyo imaulutsa mbalame. Tisa, kodi ili ndi madontho oyera?"

"Iyai, ambuya."

"Ndiye kuti si ya nkhanga. Kodi ndi yakuda bii?"

"Iyai."

"Si ya khwangwala. Tsopano igwire m'mphepete."

Tisa anaigwira. Inali yosalala. Ambuya anati nthenga ya kadzidzi imakhala yofewa kwambiri, ndipo m'mphepete mwake muli tumano ngati twa cipeso. N'cifukwa cake kadzidzi amauluka mosamveka usiku.

Panatsala nthenga yacitatu. Inali yowongoka, yakumcira. Ambuya anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatuma Mabvuto kuti akatole nthenga ya kumcira m'khola la nkhunda. Anaika ziwirizo pamodzi.

"Muona ciani?"

Mabvuto ndiye anayamba kuona. "Ya nkhunda ndi yaikulu. Kunsonga kwake n'kwakuda!"

"Nanga iyi?"

"Iyi ndi yaifupi," anayankha Tisa pang'onopang'ono. "Kunsonga n'koyera. Kukuda kuli kumunsi."

"Eya! Imeneyi ndi ya njiwa ya m'thengo, ija ili ndi mzere wakuda kumbuyo kwa khosi. Ikamauluka kucoka pansi, muziona mcira wake. Umaonetsa zoyera m'mbali."

"Nanga anaipha ndani?" anafunsa Tisa.

"Kodi panali magazi?"

"Panalibe."

"Kapena siinafe. Nthenga za njiwa sizicedwa kuthothoka. Kabawi akaigwira kumcira, nthawi zina amatsala ndi nthenga zokhazokha, njiwa n'kuthawa. Pakapita masabata angapo, zina zimamera."

Madzulo nkhunda zinabwerera kukhola. Tisa ndi Mabvuto anaziwerenga kawiri. Zinali zisanu ndi imodzi, zonse zamoyo.

Tisa anapatsa Mabvuto nthenga ya njiwa ija. "Pepa, mlongo wanga," anatero. Mabvuto anaisomeka m'tsitsi lake ndi kupita kukamwetsa mbuzi.

Yankhani mafunso awa:

1. Kodi Tisa anapeza kuti nthenga?
2. N'cifukwa ciani Mabvuto anafuna kulira?
3. Kodi ambuya anadziwa bwanji kuti nthenga sizinali za nkhanga?
4. Nthenga ya kumcira ya njiwa isiyana bwanji ndi ya nkhunda za ambuya?
5. Mukanakhala Tisa, mukanacita ciani musanachule dzina la Mabvuto?

Tsirizani ziganizo izi ndi mau oyenera: phiko, koyera, kadzidzi

a. Nthenga yopindika imacokera ku ________.
b. Kunsonga kwa mcira wa njiwa n'________.
c. ________ amauluka mosamveka usiku.

Zocita

Tolani nthenga imodzi yogwa yokha pafupi ndi kwanu. Musaphe mbalame, ndipo musatole nthenga za mbalame yakufa. Jambulani nthengayo m'buku lanu. Pansi pake lembani mtundu wake, kumene munaipeza ndi dzina la mbalame imene muiganizira. Mukatsiriza, sambani m'manja ndi sopo.