KUDYA BWINO POPANDA KUBOOLA THUMBA LA MAKOLO



Phunziro la sabata ino ndi la kukhitchini, koma anyamata musathawe, njala sisankha mwamuna kapena mkazi. Funso lake ndi ili: banja lingachepetse bwanji ndalama zogulira chakudya pa sabata popanda kugonetsa ana ndi njala kapena kuwadwalitsa? Nkhaniyi ndi yathu ife ana asukulu. Chikwama chomwe mayi amatulutsamo ndalama ya tomato ndi chomwechonso timadikira kuti mutuluke ya makope, sopo ndi yunifolomu. Ikathera kumsika, yankho lake timalidziwa: "Dikira mwezi uthe."

Kuti zinthu zakwera, aliyense akudziwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anawononga minda yambiri kuchigawo chakumwera. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 ng'amba inapsereza chimanga m'maboma ambiri. Mitengo ya kumsika ife sitingaisinthe. Chomwe tingasinthe ndi kagulidwe, kaphikidwe ndi kasungidwe ka chakudya pakhomo. Zomwe ndalemba apa ndazitenga m'phunziro la Home Economics komanso pa zomwe timachita kwathu, pabanja la anthu 6.

1. Yambani ndi kope

Musanachepetse kalikonse, dziwani kaye komwe ndalama ikupita. Tengani kope lakale lomwe latsala masamba, mulembe chilichonse chomwe chagulidwa pakhomo kwa masiku 7: ufa, ndiwo, mchere, mafuta, shuga, makala, machesi, ndalama ya kuchigayo, ngakhale mandasi omwe mng'ono wanu waliritsa. Lamlungu madzulo muwonkhetse. Mudzaona kuti ndalama yambiri sithera pa chinthu chimodzi chachikulu ayi. Imathera pa tinthu ting'onoting'ono togula tsiku ndi tsiku, tija timati "ndi zochepa izi". Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mwambiwu umagwira ntchito mbali zonse ziwiri, posunga ndi pomwaza.

2. Kugula pang'onopang'ono n'kodula

Apa tichite masamu. Tiyerekeze kuti botolo la mafuta ophikira la lita imodzi likugulitsidwa K6,000, pamene kapaketi ka mamililita 50 paokala ndi K400. Mu lita imodzi muli mamililita 1,000, choncho mumatuluka timapaketi 20. Tichulukitse: 20 kuchulukitsa ndi K400 ndi K8,000. Wogula timapaketi walipira K2,000 yoonjezera pa mafuta omwewo. Mitengoyi ndi yongoyerekezera, inu muikepo ya kumsika kwanu, ndipo muchite chimodzimodzi ndi shuga, mchere komanso ufa wa m'timajumbo uja timautcha wokumani.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Kwathu ndalama imabwera ya tsiku ndi tsiku, bambo akapeza ganyu. Lita yonse tiigula bwanji?" Zoona zimenezo. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusonkherana ndi anansi: mabanja awiri kapena atatu agule botolo limodzi kapena ndowa imodzi ya chimanga n'kugawana mofanana. Yachiwiri ndi kugula chinthu chimodzi chokha chachikulu pa sabata. Sabata ino mafuta, ya mawa shuga, inayo nyemba. Pakutha kwa mwezi mupeza kuti maulendo a kuokala achepa.

3. Chotchipa chisakhale chopanda thanzi

Kudya nsima ndi mchere n'kotchipa, koma ndalama yomwe mwasunga mukaisiya kuchipatala. Kuno kwathu a zaumoyo amagawa zakudya m'magulu 6, ndipo amalangiza kuti tizidya za m'gulu lililonse tsiku ndi tsiku. Gulu lililonse lili ndi zodula komanso zotchipa zake.

Zokhutitsa: chimanga, mbatata, chinangwa, mapira, mawere, nthochi zophika.
Za mtundu wa nyemba: nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mtedza.
Zochokera ku nyama: usipa, matemba, bonya, mazira, ngumbi m'nyengo yake.
Zamasamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada, mpiru, therere.
Zipatso: mango, papaya, gwafa, nthochi, masuku, malambe.
Zamafuta: mafuta ophikira, mapeyala, ndiponso mafuta omwe ali mu mtedza.

Taonani, pa mndandandawu palibe buledi, soseji kapena zakumwa za m'botolo, koma magulu onse akwana. Usipa timaudya wathunthu ndi minga yomwe, ndiye umatipatsa kashiamu wolimbitsa mafupa kuonjezera pa zomanga thupi. Ngati ndalama yake yachepa, sinjani kadzanja kamodzi ka usipa wouma n'kuthira m'ndiwo zamasamba, aliyense alandirako. Nsima ndi nyemba zikakumana m'mbale zimathandizana pomanga thupi, chifukwa chomwe chikuperewera mu chimanga chimapezeka mu nyemba. Mbatata yofiira mkati, chimodzimodzi papaya ndi mango akupsa, ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi.

4. Mgaiwa kapena ufa woyera?

Apa pakhala mkangano, ndikudziwa. Koma tawerengerani. Kuti mupeze ufa woyera mumalipira kawiri kuchigayo: pokonola ndi pogaya. Pokonolapo madeya amachoka pamodzi ndi mtima wa chimanga, momwe muli mafuta ndi mavitamini. Ponyika mphale zina zimapitanso ndi madzi. Yesani nokha: yezani ndowa ya chimanga musanakonole, muyezenso mphale yomwe yatuluka, muone momwe yatsikira. Mgaiwa mumalipira kamodzi, ndowa imatuluka pafupifupi yonse, ndipo nsima yake imakhalitsa m'mimba.

Chenjezo n'lakuti mgaiwa suchedwa kuwawa chifukwa cha mafuta aja, choncho musagayitse wambiri nthawi imodzi, ndipo muuyanike bwino musanausunge. Ngati agogo pakhomo akuti mgaiwa ndi chakudya cha kundende, yambani ndi kusakaniza theka ndi theka, kapena muyambe ndi phala la m'mawa.

5. Gulani motsata nyengo

Chakudya chimatchipa pamene chachuluka. Chimanga, nyemba ndi mtedza zimatsika mtengo anthu akangokolola, kuyambira cha mu Epulo mpaka Juni, ndipo zimakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Banja lomwe limagulitsa chimanga chonse pokolola limadzachigulanso modula miyezi ya njala. Ngati makolo ali ku banki m'khonde, ndalama yopezeka nthawi yokolola ndi yabwino kugulira zosungika.

Nthawi ya dzinja bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha m'minda, osalipira ngakhale tambala. Imeneyo ndiyo nthawi yofutsa. Wiritsani masamba kwa mphindi zochepa, muwayanike pamalo aukhondo opita mphepo, makamaka pamthunzi kuti mavitamini asathe ndi dzuwa. Mfutso umenewo udzakuombolani mu Okutobala masamba akadula. Kuseri kwa nyumba limani kadimba ka mpiru, anyezi ndi tomato, muzithirira ndi madzi otsukira ndiwo kapena mpunga.

Posunga samalani ndi anankafumbwe komanso chinyontho. Ndipo musanyengeke ndi mtedza kapena chimanga chotchipa chomwe chachita chuku. Mu chuku muja mumakhala poizoni woononga chiwindi, ndipo satha ngakhale mukazinge kapena muwiritse. Chimenecho n'chotaya, osati chosinjira nsinjiro.

6. Moto nawonso ndi ndalama

Ambiri powerengera chakudya amaiwala makala ndi nkhuni. Nyemba zouma zimadya moto kwambiri. Zinyikeni m'madzi usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo n'kuphika ndi ena, zipsa msanga. Vindikirani poto nthawi zonse. Konzani ndiwo, ufa ndi madzi musanakoleze moto, kuti makala asamayake pachabe inu muli kothyola masamba. Mbaula ya dothi ija ya chitetezo imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Nyemba zophika kamodzi zikhoza kukwana masana ndi madzulo.

Masamba musawaphike mpaka asanduke akuda, ndipo chepetsani soda kapena chidulo chifukwa zimapha mavitamini ena. Tsiku lomwe mafuta palibe, tenderani ndi nsinjiro. Ndiwo zotendera sizifuna mafuta ena.

7. Zotsala si zotaya

Pikani muyeso wa anthu omwe alipo. Nsima ikatsala, mkute ndi kadzutsa wokwanira. Nyemba zotsala zipotoleni zikhale chipere. Koma chilichonse chogona chivindikiridwe bwino ndipo chitenthetsedwe mpaka chitenthe ndi mkati momwe musanadye. Chomwe chayamba fungo kapena kutuluka thovu, tayani basi. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unachititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulira. Kusamba m'manja ndi sopo ndi kumwa madzi otetezedwa n'kotchipa kuposa kugona m'chipatala.

8. Chitsanzo cha sabata imodzi

Lolemba: m'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Masana nsima, nyemba ndi mpiru. Madzulo nsima, nyemba zotsala ndi bonongwe wothira usipa wosinja.
Lachiwiri: m'mawa mbatata yowiritsa. Masana nsima, usipa ndi nkhwani. Madzulo futali.
Lachitatu: m'mawa phala la chimanga ndi soya. Masana nsima, nandolo ndi chisoso. Madzulo nsima, kholowa wotendera ndi matemba pang'ono.
Lachinayi: m'mawa chinangwa ndi mtedza. Masana nsima, soya pisi ndi kabichi. Madzulo nsima, therere ndi bonya.
Lachisanu: m'mawa phala la nsinjiro. Masana nsima, khobwe ndi mpiru. Madzulo nsima, chigwada chotendera ndi usipa.
Loweruka: m'mawa chigumu chophika pakhomo. Masana nthochi zophika zotendera. Madzulo nsima, mazira okazinga ndi tomato, ndi masamba.
Lamlungu: m'mawa phala. Masana mpunga kapena nsima ndi ndiwo yomwe thumba lalola, kaya nsomba kaya kankhuku. Madzulo zotsala za masana ndi masamba.

Tsiku lililonse onjezerani chipatso chomwe chili m'nyengo yake. Phala la Lachitatu lija ndi longa Likuni Phala: makapu 4 a chimanga pa kapu imodzi ya soya wokazinga bwino, kugayitsa pamodzi. Chigwada ndi chinangwa chowawa ziphikidwe ndi kukonzedwa mokwanira monga amachitira akuluakulu, osadya zosapsa. Tiyi musamwere pamodzi ndi nsima ya nyemba kapena masamba, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wothandiza magazi. M'malo mwake idyani gwafa kapena lalanje, zomwe zimathandiza ayironiyo kulowa bwino. Atsikana, mfundo iyi ndi yofunika kwambiri kwa ife ndi alongo athu onse chifukwa cha magazi omwe amatayika mwezi ndi mwezi.

9. Nanga ife pa buleki?

Pano ndiye pali mbali yathu yeniyeni. Tiyerekeze kuti mumalandira K500 tsiku lililonse ya mandasi, zigege kapena fizesi. Pa masiku 5 ndi K2,500. Ngati kwanu muli ana atatu apasukulu, ndi K7,500 pa sabata. Kafunseni mayi kuti ndalama imeneyo ingagule nyemba zochuluka bwanji. Mbatata yootcha, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga kapena botolo la thobwa zochokera kunyumba zimagwira m'mimba mpaka piriyodi yomaliza.

Vuto lake ndi manyazi, tisanamizane. Pasukulu pano alipo omwe amaseka mnzawo akatulutsa chinangwa m'chikwama, mpaka ena amakadyera kuseri kwa kalasi, ena amangokhala ndi njala tsiku lonse kuopa kusekedwa. Munthu wanjala samva masamu. Amasinza, mutu umamupweteka, ndipo mayeso a MANEB safunsa kuti unkadya chiyani pa buleki. Woseka uja sadzakulemberani JCE kapena MSCE. Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4, yambani ndinu kudya mbatata yanu poyera, ang'onoang'onowa atengerapo.

Ntchito ya kunyumba

(a) Lembani zonse zogulidwa pakhomo panu kwa masiku 7, muwonkhetse.
(b) Sankhani chinthu chimodzi chomwe mumagula m'timapaketi, muwerengere mtengo wake pa lita kapena pa kilogalamu, muyerekeze ndi wa paketi yaikulu.
(c) Pa chakudya chomwe munadya dzulo, ndi magulu angati mwa 6 aja omwe analipo? Lomwe linasowa mungalipeze bwanji motchipa?

Pokaonetsa makolo zomwe mwapeza, mukapite mwaulemu. Mayi akhala akudyetsa banja zaka zambiri inu musanadziwe n'komwe kuwonkhetsa, ndiye musakawaphunzitse kuphika. Mukangoti, "Amayi, taonani zomwe ndawerengera, kodi tingayese sabata imodzi?" Ndipo mukadzipereke nokha kunyika nyemba, kuthirira dimba ndi kupita kuchigayo. Amene mwapeza njira ina yomwe sindinaitchule, ilembeni papepala muponye m'bokosi la nkhani za pabolodi pano, tidzaimata sabata ya mawa.

Ndine mnzanu wa Fomu 3.